Phiri la Kumbuyo kwa Mfiti

Ndikakumbukira agogo aamuna, ndimamva fungo la fodya wam'mphuno losakanikirana ndi la polishi wofiira amene amayi ankapaka pansi m'kanyumba kathu ka ku Ingezi, m'tauni ya Kadoma, komanso kutsokomola kwakuya kumene anatuluka nako mumgodi wa ku Eiffel Flats. Anachoka ku Dedza wapansi ali mnyamata, ulendo wa ku Halale, ndipo sanabwererenso. Za kwawoko sankakamba.

Filimu tinkaonera pamodzi, koma aliyense ankaona zake. Amayi ankalirira anthu a m'nkhaniyo. Achimwene anga a Tendai ankasaka chinyengo: magazi a tomato, moto wa pakompyuta. Agogo maso awo ankapitirira anthu n'kukatera kumbuyo, pamitengo, pamadenga, pamtundu wa dothi. "Kumeneku mvula imagwa bwino," ankatero, wina ali mkati mophedwa.

Masana ena, magetsi atangobwera, azakhali a ku Chegutu anabweretsa filimu imene anagula kwa wamalonda wochokera ku Malawi. Dzuwa linkalowa m'katani yong'ambika, fumbi likuyandama pang'onopang'ono m'kuwalako. Mufilimumo mfiti inakwera lichero n'kuuluka, ife kuseka mpaka misozi.

"Bwezani," anatero agogo. "Imikani pomwepo."

Anadzuka, n'kukagwira galasi la TV ndi chala. Kumbuyo kwa mfitiyo kunali phiri lobiriwira, ndi thanthwe lalikulu m'munsi mwake.

"Pathanthwe apa amayi ankayanikapo ufa."

"Manyepo aya, Sekuru!" anatero a Tendai m'Chishona chawo cha masiku onse, kenaka n'kuyesa Chichewa. "Ndi bodza, agogo. Onani m'mbali mwa mfitiyo mukunyezimira. Phirilo angomatapo, mwina si la ku Malawi n'komwe."

Agogo anatembenukira kwa ine. "Iwe Chisomo, maso ako akadali akuthwa. Ukuona chiyani?"

Kunyezimirako ndinkakuona bwinobwino. Koma ndinaonanso chala chawo chikadali pathanthwe paja.

"Ndikuona thanthwe, agogo."

Anakhala pansi, chithunzi chili chiimire, nayamba kulankhula ngati munthu wolota. Anatchula dzina la mudzi wawo, la amayi awo, la mlongo wawo Nachisale amene anawaperekeza mpaka pamtsinje atanyamula mbatata yootcha. Anakamba za nkhungu yotsika m'phirimo m'mawa, yonunkha udzu wonyowa. Ngakhale amayi anga anali asanamvepo zimenezi. Amayiwo anatenga pensulo n'kulemba mainawo pachikuto cha kope langa la masamu.

Agogo tinawaika konkuno ku Kadoma. Nditakula ndinakwera basi ulendo wa ku Dedza, chikuto chija chili m'chikwama. Mudziwo ndinaupeza. Phiri lake ndi lalifupi, la miyala yotuwa, losafanana n'komwe ndi la mufilimu lija. A Tendai sananame.

Koma nditatchula dzina la Nachisale, mayi wina wokalamba anasiya kupeta, nandiyang'ana nthawi yaitali.

"Amenewo ndi amayi anga. Ndiye kuti ndiwe wa amalume aja anapita ku Halale?" Anandigwira kumaso ndi manja aufa. "Amayi anamwalira akufunsabe za amalumewo. Lowa, mwanawe, wachedwa."

A Tendai, amene tsopano ali ku Joni, amandifunsabe pafoni ngati phirilo linali lomwelo. Ndimawauza kuti apite akadzionere okha.