Lona la ku Kanengo Kuphiri

Kwathu ku Area 23 munthu amagona panja pa zifukwa ziwiri zokha: pagwa maliro, kapena landilodi wamutulutsira katundu. Choncho amuna anga atandiuza kuti Loweruka tikagone kuphiri ku Dedza, ndinawafunsa kuti mwa ziwirizi chatigwera ndi chiti.

"Ndi kampingi," anatero. "Abwana athu amapitako ndi banja lawo. Amati mutu umapepuka."

"Abwana anuwo ali ndi galimoto."

Komabe ndinavomera, chifukwa kuyambira mwezi wa Malichi anali asanandiyankhulepo mawu ochuluka chotero. Mwezi umenewo mwana wathu woyamba anabadwa atafa kale. Mwana wotere timati mtayo, ndipo samulira. Apongozi anga ndi amayi awiri a kumpingo anamukulunga m'chitenje n'kukamuika okha, popanda bokosi, popanda nyimbo. Ine anandiuza kuti ndisagwetse msozi, ati ndikalira sindidzaonanso wina. Amuna anga sanauzidwe chilichonse, poti mwamuna sayandikirako. Kuchipatala anangopatsidwa beseni ndi fulasiki kuti abwerere nazo kunyumba, ndipo m'mawa mwake anakwera minibasi kupita ku Kanengo kukasanja mabelo a fodya. Kuchokera pamenepo m'nyumba mwathu munkayankhula wailesi yokha. Ndinkachita mantha, chifukwa ndinkaona banja lathu likutha pang'onopang'ono ngati sopo woiwalidwa m'madzi.

Zinali zaka zija foni za m'manja zitangofala, ndipo tenti yeniyeni ya kampingi ndinali ndisanaionepo ngakhale pa kaunjika. Amuna anga anabwereka kuntchito lona lobiriwira lofunditsira fodya. Kununkha kwake kunatipatsa malo okwanira m'minibasi. Titadutsa Linthipe tinatsika, tinakwera matola amene ankapita kukatenga mbatata ya kachewere, kenako tinayamba wapansi. Iwo anasenza lona ndi chikwanje, ine mabulangete, ketulo ndi mkwiyo. Tinadutsa minda ya mbatata, nyumba zinayamba kutalikirana, kenako zinatheratu. Foni inataya netiweki. Unali mwezi wa Juni, ndipo mphepo ya kumeneko sifunsa kuti wavala majuzi angati.

Amuna anga anabadwira ku Kawale, anakulira ku Kawale. Chinthu chachikulu chimene anali atamangapo m'moyo wawo chinali khola la nkhunda, ndipo nkhundazo zinasamuka. Anasankha malo osalala m'mbali mwa kamsewu ka ngolo. Anasadza zitsamba zonse ndi chikwanje, nthambizo n'kuziponya pamsewu kuti zisatitsekere malo. Lona analimangirira ku mitengo iwiri ya msuku, mbali zake n'kuzipsinja ndi miyala. Ine ndinalowa m'katimo, ndinafunda chitenje kumutu chifukwa cha kuzizira, n'kutambalala. Iwo anasonkha moto panja, anakhala pamwala, dzanja lili patsaya.

"Ndiye kampingiyo yayamba?" ndinafunsa.

"Yayamba."

"Kenako timatani?"

"Timakhala."

Tinakhala. Kunena zoona, malowo anali okongola. Mapiri ankaoneka otsatizana mpaka kumene maso amalekezera, ndipo kunalibe tambala wa neba kapena kaseti ya m'shabini. Koma chete amene tinamuthawa ku Area 23 tinamupeza atafika kale, atatisungira malo.

Dzuwa litapendeka kunatulukira bambo wina pa njinga, atanyamula thumba la mbatata. Atafika pa nthambi zija anatsika, anavula chipewa, anakankha njinga yake molambalala, anawerama pang'ono n'kupitirira osanena kanthu.

"Waona?" anatero amuna anga. "Anthu a kuno ndi aulemu. Ku Area 23 akanatifunsa kuti tikugulitsa chiyani."

Dzuwa lisanalowe bambo uja anabweranso, tsopano ali ndi amuna anzake awiri ndi gulu la amayi. Amayiwo anali atasenza nkhuni, wina ndowa ya madzi, wina kabeseni ka ufa. Amuna atatuwo anakhala pansi pamoto osapereka moni. Amayi anatula katundu, anakwawira m'lona n'kutambalala pambali panga. Mayi wina wachikulire anandigwira phewa, maso ake ali pa mabulangete athu amene anali chikulungire pakona.

Apa m'pamene maso anga anatseguka. Masamba pamsewu, lona, moto panja, mwamuna dzanja patsaya, mkazi wofunda kumutu. Tinali titakonza siwa yathunthu, kunkangosowa kwaya. Ine ndinakulira ku Ntcheu, nthambi pamsewu ndimazidziwa bwino, koma tsiku limenelo maganizo anga onse anali pa zala zanga zozizira. Manyazi anandigwira, kuseka nakonso kunali pakhosi. Ndinakwawa kutuluka kuti ndikafotokoze zinthu zisanafike poitana abusa.

Bambo wa njinga uja anandiyambirira.

"Pepani, abambo," anauza amuna anga, akuomba m'manja pang'onopang'ono. "Taona masamba pamsewu. Tati mwina munali paulendo wa kuchipatala ndiye zakanika panjira. Sitikukudziwani, koma simungagone nokha kutchire kuno. Watisiya ndani?"

Ndinatsegula pakamwa kuti nditchule kampingi, ndikuganiza mmene ndimasulire mawu amenewa kwa munthu amene wasiya ntchito yake n'kusenzetsa akazi nkhuni kukwera phiri. Amuna anga anayankha ndisanayambe.

"Mwana wathu."

Onse anati, "Pepani, pepani." Ine ndinali chigwadire pakati pa lona ndi moto.

"Ali m'katimu?" anafunsa mayi wachikulire uja, amene anali atanditsatira.

"Ayi, amayi," ndinatero. "Zinachitika mu Malichi, ku Lilongwe. Unali mtayo. Ife kuno tangobwera kudzagona, masambawo anangotayidwa. Mutikhululukire, takuvutitsani pachabe."

Aliyense pamenepo ankadziwa mwambo kuposa ife, kuti mtayo sausonkhera moto ndipo mwamuna saukhalira pansi. Ndinadikira kuti atole nkhuni zawo, atitukwane pang'ono monga zinali kutiyenera, azipita. Mayi uja anayang'ana amuna anga nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa mnzake.

"Tereka madzi," anatero. "Nkhuni zakwera kale phiri, sizitsikanso."

Bambo wa njinga anasolola chikuni chachikulu n'kuchiika pamoto. Palibe anaimba, palibe analalikira. Amayi anaphika phala m'mphika umene anabwera nawo, poti ketulo yathu anaiyang'ana n'kuiika pambali. Amuna ankakamba motsitsa za chisanu chimene chinawaumitsira mbatata. Amuna anga sanalowererepo. Ndinangoona mapewa awo akugwedezeka, kenako kulira kunatuluka, kulira konyansa kwa munthu wamkulu amene sanakuzolowere. Amuna aja sanawatonthoze ndipo sanayang'ane kumbali. Mmodzi anangosendera pafupi mpaka mapewa awo anagundana.

Ine ndinayang'ana mayi uja, chifukwa mawu a apongozi anga anali adakali m'khutu.

"Ine ndinataya awiri, ndinaliranso mobisa kumunda," anandinong'oneza. "Obadwa pambuyo pawo ndi amene andilimira mbatata chaka chino. Lira, mwana wanga."

Ndinalira mpaka chitenje chinanyowa. Ndinalirira mwana, ndinaliranso ndi ukali, poti miyezi yonseyi tinkagona bedi limodzi aliyense atasenza maliro ake payekha.

Mdima utayamba, amuna anga anapukuta kumaso ndi chipewa. Anadzuka pamwala paja, anadutsa pakati pa anthu achilendowo n'kudzagwada pamene ndinakhala, kumbali ya amayi, kumene mwamuna sakhala.

"Iwe unamuona," anatero. "Anali wamkazi kapena wamwamuna?"

"Wamkazi."

Anagwedeza mutu kangapo.

"Tsitsi anali nalo?"

"Lambiri," ndinatero. "Ndi chipumi chanu chomwechi."