Kope la Amayi Linakulunga Zitumbuwa

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu giredi seveni ku Kabwata mu Lusaka, nthawi ya chipani chimodzi, pamene shuga ndi sopo tinkachita kuziimira pamzere. Amayi ankasoka zovala pakhonde, ndipo m'kabati ya makina awo munkakhala kope lachikuto chofiira. M'menemo ankalemba za kwawo ku Chipata: nyimbo za pamtondo, ulendo wawo wa pa lole kubwera ku Lusaka, ndi za mlongo wanga Yohane amene anamwalira ali khanda ine ndisanabadwe. Sukulu sanapite nayo patali, moti zilembo zawo zinkaoneka ngati papalasa nkhuku.

Mwa osoketsa awo munali mkazi wa nduna wa ku Woodlands, dera la anthu olemera. Amuna awo anachotsedwa pampando, nkhaniyo n'kuimvera pa wailesi ngati tonsefe, koma ife tinapitirizabe kuwatchula ba Mayi Nduna. Galimoto yambendera itapita, alendo nawonso anatha phazi, iwo n'kutsala ndi mabuku awo. Tsiku lina akudikira diresi anaona kope lija, nawerenga masamba awiri ali chiimire. Anapukuta m'maso, n'kunena kuti akusonkhanitsa zolemba za azimayi kuti azisindikize m'buku. Amayi anaseka mwamanyazi, nati ayambe amaliza nkhani yotsiriza. Atamaliza anandipatsa ine kuti ndikapereke, poti ndinali mwana wophunzira.

Kuphunzira kwake kumeneko, kalanga ine! Kusukulu ukalankhula Chinyanja ankakukoleka chikatoni m'khosi mpaka belu loweruka. Ine ndinali ndisanachivalepo, ndipo ndinkayenda mapewa ali m'mwamba. Nditatsegula kope la amayi manyazi anandigwira. Chichewa chakumudzi chokhachokha, mabanga a mafuta a makina, mizere yokhota. Zimenezi zikalowe m'nyumba ya ku Woodlands? Ndinanamiza amayi kuti ndakapereka, kenako sabata yonse pa nthawi yopuma ndinkazilemba m'kope latsopano, m'Chizungu changa cha giredi seveni. Nyimbo zonse ndinazidumpha poti zinkandikanika. Za Yohane ndinazipanikiza m'mizere itatu.

Kope lakale ndinaopa kuti amayi alipeza m'chikwama. Ndinalipereka kwa mayi wogulitsa zitumbuwa pageti la sukulu, chifukwa mapepala okulungira ankasowa masiku amenewo. Anandipatsa zitumbuwa ziwiri zotentha. Ndinadya, ndipo zinakoma, ndisaname.

Loweruka ndinadzola mafuta miyendo yanga yotuwa mbee n'kupita ku Woodlands ndi kope langa lachizungu lija. M'nyumbamo munkanunkhira polishi, ndipo mabuku anali mpaka kudenga. Ba Mayi Nduna anavala magalasi, nawerenga tsamba limodzi, n'kuwavula.

"Iwe mwana, ivi walemba ndiwe. Ili kuti buku ya bamai bako?"

Ndinayankha monyada kuti ndalikonza.

"Chizungu nili nacho chambili, ona mashelufu aya. Ine nenze kufuna mau yao."

Ndinathamanga osapuma mpaka kumsika wa Kabwata, komwe mayi wa zitumbuwa ankagulitsa Loweruka. Ndinapeza chikuto chofiira ndi tsamba limodzi lonyowa mafuta. Masamba ena onse anali atapita ndi ogula.

Kunyumba ndinagwada pafupi ndi makina n'kuulula zonse. Ndinkayembekezera mkwapulo, ndipo kunena zoona ndinkaufuna. Amayi anangotenga tsambalo, naliyang'ana nthawi yaitali, nalibweza m'manja mwanga.

"Ndiye kuti mawu anga amakuchititsa manyazi, mwanawe?"

Anaponda makina n'kupitiriza kusoka. Patapita masiku ba Mayi Nduna anabwera ndi kope latsopano ndi zolembera, nawachonderera kuti alembenso. Amayi anathokoza ndi manja awiri, koma anati zinatuluka kamodzi, sizingabwererenso. M'kopelo ankalembamo miyezo ya m'chiuno ya osoketsa.

Ba Mayi Nduna anadzatsegula kaofesi kosindikiza mabuku m'tauni, ndipo anthu anaiwala zoti anali mkazi wa nduna. Buku la azimayi lija linatuluka. Ndinaligula nditayamba ntchito, ndipo munali ogulitsa nsomba, manesi, ngakhale mayi wina wa ku tchalitchi kwathu. Dzina la amayi munalibe, chifukwa cha ine.

Lero palibe mwana amene amavekedwa chikatoni, koma adzukulu anga ku Chelstone Chinyanja amachimva movutikira. Zolemba zawo amasunga m'foni, ndipo amati sizitayika. Amayi anatisiya kalekale, ndipo sindinalimbepo mtima kuwafunsa zomwe ndinadumpha. Tsamba lija lili m'Baibulo langa, mafuta analiwalitsa mpaka zilembo za kuseri zimaonekera. Ndi la tsiku la maliro a Yohane. Mzere womaliza umati, "Pomutsitsira m'manda ndinamuimbira kuti," ndipo nyimboyo inali patsamba lotsatira.