Mapuloni a pa ukwati wa achemwali anga

Ndikukumbukira chaka chimene achemwali anga a Tiyamike anakwatiwa, ine ndili sitandade 5. Tinkakhala pa Mzimba Boma, m'nyumba za ogwira ntchito kuchipatala, chifukwa amayi anali namwino ndipo anawatumiza kumeneko kuchokera kwathu ku Dedza. Bambo anali atamwalira kale. Mwamuna wa achemwali, alamu anga a Wongani, anali mphunzitsi wa kwawo ku Champhira. Ukwati unali wa mu Julaye, nyengo imene mphepo ya ku Mzimba imang'amba milomo ndipo madzi a m'ndowa amaluma zala.

Komiti ya ukwati inkakumana pakhonde pathu Lamlungu lililonse masana. Wapampando anali a Mhango, mkulu wa mpingo, amene ankatsegula ndi pemphero lalitali moti tiyi ankazizira anthu akadali chitsinzinire. Zokambirana zinkayenda bwino. Padzakhala mpunga, nkhuku, ng'ombe imodzi, kabichi. Palibe ankatsutsa, chifukwa ukwati uliwonse umene tinaupitako unali wotero.

Lamlungu lachitatu kunabwera a Nyagondwe, azakhali awo a alamu, amene anawalera kuyambira ali khanda. Anali atangobwera kumene kuchokera ku Kepitauni, kumene anagwira ntchito mu hotela zaka khumi. Anavala chipewa chofiira ndi nsapato za gogoda zimene zinkalowa m'dothi la pabwalo pathu paliponse pamene aponda. Anamvetsera mndandanda wa zakudya mpaka kumapeto, kenako anafunsa kuti nanga kokitelo ili pati.

A Mhango anayang'ana papepala lawo, kutsogolo ndi kuseri. Sanaipeze.

A Nyagondwe anafotokoza. Anati anthu akatuluka m'tchalitchi, akwati amapita kokajambulitsa, ndipo alendo sayenera kungokhala padzuwa ngati akudikira basi. Pakhale ola limodzi loti aziimirira, azicheza, atagwira tambula m'dzanja limodzi, kwinaku akutola tizakudya tating'ono pathileyi. Ndipo mtima wa kokitelo, anatero, ndi mapuloni, tinyama ta m'nyanja yamchere.

"Ndiye nsima imabwera nthawi yanji?" anafunsa a Mhango.

"Palibe nsima, adada."

"Mipando?"

"Palibe. Mbwenu kuimirira basi."

A Mhango analemba mawu akuti kuimirira, n'kuwadula mzere kunsi.

Nkhani ya zakumwa inatenga milungu iwiri. A Nyagondwe ankafuna vinyo, a Mhango anati holo ndi ya mpingo. A Nyagondwe anati ndiye vinyo wopanda mowa, a Mhango anati anthu odutsa pamsewu sadzadziwa kuti mulibe mowa. Anagwirizana za madzi a malalanje osakaniza ndi chinanazi, m'matambula aatali, pamlomo pa tambula atapakapo shuga ndi kukolekapo kagawo ka ndimu. Amayi anafunsa ngati thobwa lingapezeko malo. A Nyagondwe anayankha kuti chindongwa, monga amalitchulira kumeneko, anthu akamwera kunyumba kwawo. Amayi anangokonza chitenje chawo. Ine ndinkadziwa tanthauzo la kukonza chitenje kotero, koma a Nyagondwe anali asanawadziwe amayi.

Mapuloniwo anachokera m'sitolo ina ku Lilongwe. Anawabweretsa mphwawo wa a Nyagondwe, woyendetsa lole ya matabwa a ku Chikangawa, pobwerera wopanda katundu. Anawaika m'bokosi la ayezi, bokosilo n'kulikwirira mu utuchi kuti ayeziyo asasungunuke, moti litafika nyumba yonse inamveka fungo la paini. Wina mu komiti ananena kuti tikasunge mufiriji ya kuchipatala. Amayi anamufunsa kuti akunena firiji iti mwa mafiriji a kuchipatala, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo. Mapuloniwo anakalowa mufiriji yathu, ndipo kwa masiku angapo tinkamwa madzi onunkha nyanja imene sitinaionepo.

Kutatsala sabata imodzi, a Nyagondwe anati komiti ilawe. Anaphikira pambaula yathu, ndi batala, adyo ndi ndimu. Kunena zoona, fungo lake linali labwino. Vuto linali maonekedwe. Tinyamato tinali ndi maso, ndevu zazitali ndi miyendo yambirimbiri, ndipo titapsa tinafiira n'kupindika ngati tikumva kuwawa. Thileyi inazungulira khonde lonse. A Mhango anati akusala kudya. Amalume anga, amene anabwera kuchokera ku Dedza kudzathandiza zokonzekera, anati angodya kumene chinangwa. Mayi wina anati iye nkhululu amadya, koma za kumtunda. Thileyi inabwerera kwa mwini wake yosakhudzidwa.

Ine ndinali mwana wodziwika ndi kudya chilichonse. Ngumbi ndinkadya zosakazinga, mango ndinkadya osapsa ndi mchere. Komanso pa ukwatiwo ndinali kamkwatibwi kakang'ono koyenda kutsogolo kwa achemwali, ndiye ndinkadziona ngati mmodzi wa eni nkhani. Ndinaimirira n'kutola limodzi. A Nyagondwe anandionetsa kudula mutu ndi kusenda chikhokho. Linali lokoma, lotsekemera pang'ono, lonjanjama m'mano. Ndinadya asanu ndi limodzi, komiti yonse ikundiyang'ana ngati ndikuwoloka mtsinje wodzaza.

"Mwaona?" anatero a Nyagondwe. "Mwana wanzeru chomene uyu."

Kunayamba ndi kuyabwa lilime. Ndinaganiza kuti ndi adyo. Kenako milomo inayamba kulemera, maso anayamba kuchepa, ndipo khonde lathu ndinkaliona ngati ndikusuzumira pakabowo ka kiyi. Ndinafuna kuwauza amayi koma mawu anatuluka ngati mluzu. A Mhango, amene anali pakati pa nkhani ya magalimoto, anasiya kulankhula n'kufunsa mwaulemu ngati mwanayu amaoneka choncho nthawi zonse.

Amayi anandiyang'ana kamodzi kokha. Anandinyamula kumsana, ine wa zaka khumi ndi chimodzi, miyendo ikukwekwereka pansi, n'kuthamanga nane. Chipatala chinali pafupi, koma ndikukumbukira kuti mpweya unkalowa pang'onopang'ono ngati ndikupumira m'bango, ndipo ndinkamva mtima wa amayi ukugunda kudzera kumsana kwawo. Titafika anandibaya jakisoni pantchafu, wina pamkono, n'kundigoneka. Adokotala anati pali anthu ena amene thupi lawo limadana ndi zinthu zoterezi, ndipo ine ndine mmodzi wa iwo. Anati tikanachedwa pang'ono, komiti ikanasintha ntchito.

Ndinagona m'chipatala masiku awiri, ndipo m'masiku amenewo ukwati unatsala pang'ono kutha. Amalume ananena poyera kuti anthu amene amayesera chakudya pa mwana wa eni ake sangawapatse mwana wina. A ku Champhira atamva, anabweza mawu akuti mwanayo palibe anamutuma, anadya asanu ndi limodzi chifukwa cha kususuka kwa kwawo. Mbali iyi inali yoona, koma inafika molakwika. Achemwali anabwera kudzandiona maso atatupa kuposa anga. Alamu anaima pakhomo la wodi atanyamula nthochi, osadziwa ngati aloledwa kulowa.

M'mawa wa tsiku lachiwiri kunabwera a Nyagondwe. Chipewa chofiira panalibe, anamanga duku ndipo anavala patapata. Sanakhale pampando. Anakhala pansi pa simenti yozizira, pafupi ndi mapazi a amayi.

"Asebele, phepani chomene," anatero, powatchula amayi monga amatchulirana makolo a akwati kumeneko. "Ndikanapha mwana wanu."

Amayi ankasenda lalanje.

A Nyagondwe anapitiriza, Chichewa chawo chikusakanikirana ndi Chitumbuka. Anati zaka khumi zonsezo ntchito yawo inali kusenda mapuloni kukhitchini, manja m'madzi a ayezi kuyambira m'mawa, mpaka zala zinachita dzanzi losatha. Madzulo ankawavalitsa yunifolomu kuti azizungulira ndi thileyi pa maukwati a anthu ena. Panalibe amene ankawayang'ana kumaso, iwo ankangoona dzanja la mlendo likubwera, likutola, likupita. Ndiye ankadziuza kuti tsiku limene mwana amene analera adzakwatire, anthu a kwawo nawonso adzaimirira chomwecho atagwira tambula, wina n'kumawazungulira.

"Inuyo munadyako?" anafunsa amayi.

"Zotsala. Kuseri kwa chitseko."

Amayi anagawa lalanjelo pakati, n'kuwapatsa theka. Kenako anati kokitelo ichitika, asewere, koma amayiwo ndi amene akonze dongosolo lake. Madzulo ake omwewo amayi anauza amalume kuti mwana amene anadwala ndi wawo, amene akukwatiwa ndi wawonso, ndipo ngati pali wina wofuna kukwiya kuposa mayi wobereka, basi ya ku Dedza imanyamuka m'mawa. Amalume anakhala.

Pa tsiku la ukwati, panja pa holo panali matebulo atatu. Loyamba linali la matambula aatali aja a shuga pamlomo, theka madzi a zipatso, theka thobwa. Thobwalo nalonso analikoleka ndimu, ndipo ndi limene linayamba kutha. Lachiwiri linali la chambo chodula tizidutswa ndi usipa wokazinga, zonse zobaya pa timitengo totokosera m'mano, moti usipa umodzi unali ndi kamtengo kakekake, ulemu umene usipa sunaulandirepo. Lachitatu linali la mapuloni, ndipo pambali pake panaima namwino mnzawo wa amayi atavala yunifolomu, wina aliyense wotola akumufunsa ngati anayamba watupapo. Izi zinachititsa kuti mzere wa tebulo limeneli ukhale wautali kuposa onse. Amuna ankadya puloni limodzi, n'kuima pomwepo kudikira kuti aone. Palibe anatupa, ndipo ena anaoneka okhumudwa.

Za kuimirira zinatheka kwa mphindi ngati khumi. Kenako amayi achikulire a ku Champhira anayala zitenje pa udzu n'kukhala, miyendo atatambasula, matambula aatali ali m'manja. A Mhango anakatenga mpando m'holo, koma anaima pafupi nawo ataugwira, kuti asaphwanye zimene analemba okha.

A Nyagondwe ankathamangathamanga kulongosola mathileyi mpaka amayi anawagwira pamkono n'kuwaimika pakati pa bwalo. Anawapatsa tambula. Kenako amayi anatenga thileyi ya mapuloni okha, anabwera nayo kutsogolo kwawo, n'kupinda maondo. A Nyagondwe anatola limodzi, anasenda osayang'ana n'komwe, n'kutafuna nthawi yaitali.

"Mchere wachepa," anatero. Kenako anayang'ana kumbali, n'kupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Yewo, asebele."

Ine ndinayenda kutsogolo kwa achemwali monga tinakonzera. Pa zithunzi zonse mlomo wanga wam'mwamba ndi waukulu pang'ono kuposa wam'munsi, ndipo ana anga amaganiza kuti ndinkanyada.

Masiku ano kokitelo si nkhani. Ngakhale pa Boma pomwepa pali achinyamata amene ntchito yawo ndi yokonza maukwati, amakuonetsa zakudya pafoni n'kukufunsiratu zimene thupi lako limakana. Komiti imakumana pafoninso, aliyense ali kwawo, ndipo zonse zimayenda bwino kuposa kale. Koma ndapita ku maukwati ambiri kumene mabanja awiri amakumana koyamba pa tsikulo, amapatsana moni mwaulemu, amadya bwino, n'kubalalika osadziwana. Amayi ndi a Nyagondwe anadziwana pa simenti ya m'wodi. Amayi atapuma pa ntchito sanabwererenso ku Dedza, anakamanga ku Champhira, ndipo atadwala matenda awo omaliza, amene ankawasambitsa ndi kuwatembenuza pamphasa anali a Nyagondwe, ndi zala zawo zadzanzi zomwezo.