Ndinagumula Balani Yanga Fodya Ali M'munda

Inu owerenga, fodya wanga wa chaka chatha anaolera m'munda ine ndikuona. Mvula inagwa bwino, feteleza ndinathira. Chinandipweteka ndi phuma.

Ndimalima fodya wowotcha m'balani kwathu ku Chiosya, ndipo nkhuni zatisowa zedi. Tsiku lina alangizi anabwera ndi anthu a kafukufuku ochokera ku yunivesite. Anati boma lapereka ndalama zoyesera balani yamakono youmitsa fodya ndi mphamvu ya dzuwa, ndipo akufuna mlimi mmodzi woti ayesere pakhomo pake. Makina abweretsa okha, koma mlimiyo apereke njerwa, monga timachitira pa chitukuko chilichonse.

Mtima wanga sunakhazikikenso. Mvula inali itayamba, nthawi youmba njerwa itapita. Ndinkangoganiza za a Phiri, oyandikana nawo nyumba, amene anali ndi uvuni wa njerwa wosaphwasula. Zoti balani yoteroyo ikaime kwa iwo, alendo azikatsikira kumeneko, zinandikana. Ndinayang'ana balani yanga yakale, ndinaona njerwa zokhazokha.

Mkazi wanga anandiletsa. “Bambo a Chikondi, dikirani tione kaye ikugwira ntchito.” Mayi wotsogolera kafukufukuyo nayenso anandiuza poyera kuti zimenezi n'zoyesera chabe, zikhoza kutheka kapena kukanika. Ndinavomera ndi pakamwa, mawa lake n'kukwera pamwamba pa balani yakaleyo ndi hamala.

Anandisankhadi. Makoma anakwera, masola anaikidwa padenga, anthu n'kumabwera kudzaona. Ndinkayenda ngati balaniyo ndaipanga ndine. Kunatsala mabatire ndi mafani oyendetsa mpweya wotentha. Apo m'pamene ndinamva kuti ndalama za boma zimatuluka m'magawo, ndipo gawo lachiwiri lachedwa.

Fodya sadziwa za magawo. Mu February masamba a m'munsi anayamba kuchita chikasu. Ndinkaimba foni mpaka ndinachita manyazi, mayiwo n'kumandiyankha mwaulemu kuti nawonso akudikira. Kukhala pansi ndinkalephera. Ndipite kumunda, ndibwerere kubalani, nditsegule chitseko, nditseke. Ndinakwera kabaza mpaka pa Kamwendo kukafunsa ngati mafani wamba angagwire, amisiri n'kungopukusa mitu.

Ndinayenda khomo ndi khomo kupempha malo m'mabalani a anzanga. Koma fodya amakhwima nthawi imodzi mudzi wonse, ndipo aliyense anali atadzaza. A Phiri omwe aja anandipatsako kangodya kamodzi, osandiseka n'komwe. Zinandiwawa kuposa akanandiseka. Wotsalayo anachita mawanga, kuda, n'kuyoyokera m'mizere. Mkazi wanga anangoyamba kukagwira ganyu yokumba mtedza m'minda ya eni.

Alimi anzanga, kafukufuku si woipa, ndipo anthu aja sanandinamize. Iwo akalephera amaphunzirapo n'kuyesanso. Inu mukalephera, chaka chapita. Akakubweretserani chatsopano chilandireni, koma chakale chisiyeni chiime mpaka mutaona ndi maso anu tsamba loyamba litauma.

Ndalama zinatuluka mu June. Anabwera osangalala, anamanga mafani, anayatsa, mpweya wotentha n'kuyamba kuzungulira bwinobwino. Kenako mayi uja anatembenukira kwa ine akumwetulira.

“Bambo, tabweretsani fodya tiyese.”

Ndinayang'ana kumunda. Mapesi a fodya ndinali nditazula kale.