Chitsulo cha m'chiuno mwa agogo aJere

Ndikakumbukira agogo aamuna, aJere, ndimamva fungo la fodya wouma m'chigafa chathu ku Engutwini, komanso kaphokoso kamene kankatuluka m'chiuno mwawo akamawerama kutola masamba, kwii, ngati chitseko chosathira mafuta. Kalekale anagwa panyumba yosanja imene ankamanga ku Joni, ndipo madokotala akumeneko anawaika chitsulo pamene fupa la ntchafu limalowa m'chiuno. Ankachinyadira. "Mafupa anu adzadyedwa ndi chiswe," ankatero, "koma langali yayi."

Ndili sitandade sikisi, tsiku lina masana ndinawapeza kuseri kwa chigafa atatsamira mtengo, thukuta lili kamukamu, akusisita pachiuno. Panali potupa ngati papaya, pothimbirira.

"Usauze munthu, mzukulu," anatero akundigwira dzanja mwamphamvu. "Tikamaliza kuthyola fodya, mbwenu ndipita ndekha kuchipatala."

Ndinasunga pakamwa milungu itatu. Ndinkawaona akukoka mwendo, akulumanitsa mano pokwera ngolo, akufunsa kawirikawiri zimene agogo aakazi anena, chifukwa makutu nawonso anayamba kugontha. Chakudya sichinkandilowa. Tsiku limene anagwa pakati pa mizere n'kulephera kudzuka, ndinathamangira kwa adada ndikulira, ndipo ndinaulula zonse.

Ku Boma anawajambula n'kuwatumiza kuchipatala chachikulu. Adada atabwerako anatifotokozera zimene adokotala ananena. Mutu wa chitsulocho ndi kambale kake zinkakhulana nthawi iliyonse agogo akaponda, zaka zonsezo, n'kumanyenyeka tifumbi tosaoneka ndi maso. Madzi a m'thupi, poti ndi amchere, anadya polumikizira. Tifumbito tinadetsa mnofu, tinafooketsa fupa, tina tinalowa m'magazi, ndipo mwina ndi timene tinkawononga makutu awo.

"Akuti tikanachedwanso, mwendowo sukanapondanso pansi," anatero adada.

Madokotala anachichotsa chitsulocho n'kuikamo china. Theka la fodya wa chaka chimenecho linaolera m'munda. Agogo anabwera akuyendera ndodo ziwiri, ndipo kwa mwezi wathunthu sanandiyankhule. Mmawa wina ndikusesa pabwalo anandiitana, maso ali kumbali.

"Iwe, pakamwa pako m'potayirira chomene." Kenako anandithokoza, amvekere, "Yewo."

Anayendanso zaka zingapo, koma makutu awo sanachire mpaka anamwalira. Sindidziwa ngati milungu itatu ija ndi imene inawagonthetsa, ndipo palibe amene angandiuze. Mpaka lero, wodwala akandipempha kuti ndisauze munthu, ndimamukanira pomwepo.