Miyala Yopakidwa Laimu

Inu ofuna mawu olimbikitsa, khalani pansi kaye, pakuti nkhaniyi ikuyambira pansi penipeni.

Lachisanu lina m'mawa, mayi wina anagwada pakanjira kopita ku ofesi ya sukulu, akuyang'ana miyala yake 140. Yonse inali mbee, yopakidwa laimu, itandandalikidwa uku ndi uku ngati mano.

Mayiyu ankaswa miyala yomangira m'mphepete mwa msewu. Mayeso a uphunzitsi analephera katatu. Anzake ankamutcha Pulofesa, chifukwa akapeza mwala wachilendo ankauika pambali m'malo mouswa. Anatolera kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Mwala uliwonse unali ndi kapepala kake: komwe anautola, ngati msomali umaukanda, mtundu wa mzere womwe umasiya akaukhutiza pa phale la mbale yosweka, komanso ngati umachita thovu akauthira viniga.

A hedi a pasukulupo, bambo ovala tayi ngakhale pokaona chimbudzi chatsopano, anali atamulonjeza: "Lachisanu kukubwera oyendera sukulu. Akaona miyala yanuyi, ndikulembani ntchito yothandizira sayansi. Ine ndikanena, ndanena."

Lachinayi mayiyo anasiya makatoni ake pakhonde la ofesi. Masana a hedi analamula kuti pasukulu pakongole. Mlonda anapeza miyala yosankhidwa kale, yaikulu ngati chibakera, n'kuthokoza yemwe wamupeputsira ntchito. Anaipaka laimu n'kuindandalika m'mbali mwa kanjira, ndipo timapepala tija anatisesa n'kutitentha.

"Achimwene, mwachita chiyani?" mayiyo anafunsa mlondayo Lachisanu lija, ali chigwadire.

"Ndakongoletsa, mayi. Inalitu yamawangamawanga. Pano yonse yafanana."

Oyendera anafika, anayamikira kanjirako, anajambulitsa ndi a hedi, n'kumapita. Za ntchito sizinatchulidwenso.

Mayi uja anabwerera kumsewu. Anzake sanamuseke, ndipo zimenezo zinamuwawa kuposa kusekedwa. Mkulu wake ndiye sanabise: "Iwe, zaka zonsezi ukanaweta nkhuku bwenzi tikudya mazira."

Kwa milungu itatu ankangoswa chilichonse, chokongola ndi chonyansa chomwe. Kenako anapita kukapempha miyala yake.

"Kanjirako ndi katundu wa sukulu tsopano," anatero a hedi. "Mukachotsa umodzi, mubwezerepo wina. Woyera."

Choncho tsiku lililonse ankabwera ndi mwala wamba, n'kuupaka yekha laimu, n'kuwombola umodzi mwa yake. Ankautsuka m'beseni ndi mswachi wakutha. Pa nthawi yopuma ana ankamuzungulira, poyamba kuti aone wamisala.

Vuto linali lakuti popanda timapepala, yambiri sankaikumbukira. Anayambiranso kuyesa, ana akuonerera. Koma mwala uliwonse womwe ankauthira viniga unkachita thovu, ngakhale yomwe kale sinkatero. Anataya mswachi pansi, misozi ili lengelenge.

Kamtsikana kena kogweluka mano kanati, "Anti, si mwalawo. Ndi laimu watsalira m'ming'alu. Tiutsukenso."

Anautsukanso. Thovu silinabwere. Kuyambira tsikulo, timapepala tatsopano ankalemba ndi anawo. Komwe miyala 31 inatoledwa sikunadziwikenso mpaka lero.

Patapita zaka ziwiri oyendera anabweranso. Anatola mwala pawindo la kalasi, n'kufunsa mongocheza kuti munthu angadziwe bwanji kulimba kwake. Ana makumi anayi anapisa m'matumba, aliyense n'kutulutsa msomali.

A hedi anakonza tayi, n'kufotokoza kuti amenewa anali masomphenya awo kuyambira kale.

Mayiyo analembedwa ntchito. Amaphunzitsa Lachitatu lokha, ndipo miyala yake ili pashelefu m'chipinda chosungira matsache. Masiku enawo akuswabe miyala kumsewu. Koma ana akamadutsa n'kumukuwira kuti "Pulofesa!", palibenso amene amaseka.

Ndiye inu amene ntchito yanu ya zaka zambiri wina anaipaka laimu tsiku limodzi, osataya mtima. Pezani mswachi, muyambe ndi mwala umodzi. Koma mukamva kuti kukubwera alendo, makatoni anu musawasiye pakhonde.