Timajumbo ta chinangwa

Madzi atatichotsa ku Makhanga, ndinatsala ndi apongozi anga aakazi. Amuna anga anabwerera kukamasula mbuzi m'khola, ndipo sitinawaonenso. Bwato linakatitula kumtunda, kumene anatipatsa tenti.

Miyezi imeneyo sindiikumbukira bwino. Ndinkadya akandipatsa chakudya, kugona anzanga akagona. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu anandipezera ntchito ku nazale ya mitengo, ine n'kumapita.

Ntchito yake inali yothira dothi m'timajumbo tofeseramo mbewu. Tinali totuwa, toterera m'manja. Mlangizi wa panazalepo anatiuza kuti timajumboto anatipanga ndi ufa wa chinangwa.

"Pobzala musamang'ambe," anatero. "Kwirirani mbande ndi kajumbo kake komwe. Kamaola kokha m'dothi."

Azimayi anaseka, wina n'kufunsa ngati tingatiphike njala ikavuta. Ine ndinangopitiriza kuthira dothi.

Tsiku lina ndinabwera nato tingapo totsala, n'kutisiya pamphasa. Sindinaone kuti apongozi atengapo kamodzi. Sindinkadziwanso kuti tsiku la madzi lija anamangirira mapira pang'ono kunsonga ya chitenje chawo, mbewu imene mwana wawo anasankha yekha kumunda. Poopa makoswe, anathira mapirawo m'kajumboko, kumanga, n'kukwirira pakona ya tenti, pafupi ndi mtsuko wa madzi.

Mvula itayandikira anandiitana.

"Mwananga, tabwera ndi khasu."

Ndinakumba pomwe analoza. Panatuluka tizidutswa tonga masamba ofota, ndi chiswe. Mapira ena anali atamera n'kufera momwemo, ena atatsala mankhusu okhaokha.

"Amayi, munaikapo chiyani apa?"

Anandiuza. Ndinawafotokozera za chinangwa zija, monga momwe mlangizi ananenera. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenaka anafukula dothilo ndi zala, pang'onopang'ono, koma sanapeze njere yamoyo ngakhale imodzi.

"Pyamala," anatero m'Chisena chawo. Zatha.

Ndinadikira misozi, yawo kapena yanga, koma sinabwere. Ndinakwirira dzenjelo n'kupondaponda ndi phazi. Iwo anatuluka kukakhala pansi pa mtengo, poti m'tentimo munali motentha kwambiri.

Chaka chimenecho tinabzala chimanga cholandira, chinabereka pang'ono. Ku nazale ndinapitabe m'mawa uliwonse, mpaka mbande zonse zitatengedwa kukabzalidwa m'mbali mwa Shire.